Chamwamba, malambe ndi mgaiwa zalowa m'fasho: mlimi apindule bwanji?

M'masitolo akuluakulu a ku Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu masiku ano muli katundu yemwe zaka makumi awiri zapitazo sankapezekamo. Muli timabotolo ta ufa wa chamwamba, timapaketi ta ufa wa malambe, maluwa ouma a chidede opangira tiyi ndi ufa wa mawere. M'malo ambiri odyera akumafunsa kaye ngati mukufuna nsima yoyera kapena ya mgaiwa. Pa WhatsApp ndi pa Facebook pamayenda mauthenga otamanda zakudyazi, ena mpaka kunena kuti zimachiza matenda onse.

Chomwe chasintha anthu a m'tauni n'chodziwika. Matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi afala, ndipo achipatala akulangiza anthu kuchepetsa shuga, mchere ndi zokazinga. Anthu ayamba kufunafuna zakudya zomwe agogo athu ankadya.

Nkhaniyi ikukhudza mlimi pawiri. Poyamba, pafupifupi zonsezi zimachokera m'munda, m'dimba kapena m'tchire la kumudzi, choncho pali msika. Kachiwiri, mabanja ambiri omwe amalima zakudyazi sazidya mokwanira. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse wa m'chaka cha 2015 mpaka 2016 adapeza kuti ana 37 mwa ana 100 aliwonse osapitirira zaka zisanu anali opinimbira, ndipo vutoli linali lalikulu kumidzi kuposa m'tauni. N'zomvetsa chisoni kuti soya, mtedza ndi nyemba zimachoka pakhomo zonse kupita kwa mavenda, mwana n'kutsala akumwa phala la ufa woyera lothira mchere wokha.

Tiyeni tione chakudya chilichonse pachokha: chili ndi chiyani, sichingachite chiyani, ndipo mlimi achite nacho bwanji.

Chamwamba

Mtengo wa chamwamba, womwe m'masitolo amaulemba kuti moringa, ndi wodziwika kalekale ku Nsanje, Chikwawa ndi madera a m'mphepete mwa nyanja. Umapirira chilala, umakula msanga, ndipo umamera kuchokera ku njere kapena ku nthambi yodula.

Masamba ake ali ndi zomanga thupi, vitamini A, ayironi ndi kashiamu. Akauma, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a kulemera kwake ndi zomanga thupi. Izi n'zoona. Koma kumbukirani kuti munthu amathira supuni imodzi kapena ziwiri za ufawu m'phala, ndipo supuni ya ufa wa masamba ndi yopepuka. Imawonjezera thanzi m'chakudya, koma singalowe m'malo mwa nyemba, usipa kapena dzira.

Chamwamba si mankhwala a shuga, a khansa kapena a HIV. Munthu amene akumwa ma ARV kapena mankhwala a kuthamanga kwa magazi asasiye mankhwala ake kaamba ka ufa wa masamba. Mizu ndi makungwa a mtengowu si chakudya, ndipo amayi oyembekezera azipewe.

Wofuna kukolola masamba ambiri azidulira mtengowo ukafika m'chiuno kapena pachifuwa kuti uchite nthambi zambiri m'malo mothamangira kumwamba. Tetezani mitengo yaing'ono ku mbuzi. Mukathyola masamba, atsukeni ndi madzi oyera ndipo muwayanike pamthunzi podutsa mphepo, pathandala kapena pamphasa yoyera. Dzuwa lachindunji limawononga vitamini A ndipo limachititsa masamba kufuwirira. Wogula wodziwa amayang'ana mtundu: ufa wabwino umakhala wobiriwira, wopanda fungo la chinyezi. Usungeni m'chiwiya chotseka bwino, kutali ndi kuwala.

Malambe

Ana a ku Mangochi, Salima, Balaka, Neno ndi m'chigwa cha Shire akhala akumung'unya malambe kuyambira kalekale. Mu 2008 bungwe la European Union lidavomereza kuti ufa wa malambe uzigulitsidwa ngati chakudya m'maiko ake, ndipo kuyambira pamenepo chipatsochi chidapeza msika kunja.

Ufa wa malambe uli ndi vitamini C wochuluka kangapo kuposa wa m'lalanje mukayerekeza kulemera kofanana. Ulinso ndi kashiamu ndi zothandiza kuti chakudya chigayike bwino m'mimba. Vitamini C ali ndi ntchito ina yomwe ambiri saidziwa: amathandiza thupi kutenga ayironi wa m'nyemba ndi m'masamba. Kumwa madzi a malambe kapena kudya gwafa mutangodya nsima ya nyemba kumapindulitsa kwambiri. Tiyi amachita zosiyana, chifukwa amatchinga ayironi. Ndi bwino kumwa tiyi patapita ola limodzi kapena awiri mutadya.

Vitamini C sagwirizana ndi moto. Mukafuna kuthira malambe m'phala, dikirani liphulidwe kaye. Komanso chakumwa cha malambe chodzaza ndi shuga, monga mafilizi ambiri ogulitsa m'misewu, sichingathandize munthu wa matenda a shuga.

Mlambe umatenga zaka zambiri kuti uyambe kubereka, choncho chuma chili pa mitengo yomwe ilipo kale. Musausende makungwa mozungulira pofuna luzi, ndipo musatenthe moto patsinde pake. Dikirani zipatso zikhwime ndi kuuma. Zipatso zong'aluka zomwe zalowa madzi musaziphatikize ndi zabwino.

Mgaiwa, mawere ndi mapira

Kale mgaiwa unkatengedwa ngati nsima ya kusukulu yogonera kapena ya nthawi ya njala. Lero ndi womwe achipatala akulimbikitsa. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Tikakonola chimanga, n'kuviika mphale masiku angapo, zambiri zofunika zimapita ndi madeya ndi madzi oviikira: mafuta, mavitamini a gulu la B, ayironi, zinki ndi gawo la zomanga thupi. Chotsala kwambiri ndi chopatsa mphamvu chokha. Nkhumba ndi nkhuku zodya madeya zimanenepa ndi zomwe ife tataya. Palinso phindu lina: thumba limodzi la chimanga limatulutsa ufa wambiri mukagaitsa mgaiwa kusiyana ndi mukakonola.

Koma pali zofunika kusamala. Chuku chimakonda kukhala pakhungu la njere, ndipo mgaiwa umagaidwa ndi khungu lomwe. Musagaitse chimanga chowola, chosintha mtundu kapena chofumbwa. Sankhani, petani, ndipo gaitsani pang'onopang'ono chifukwa mgaiwa suchedwa kuwawa ukakhalitsa. Wodwala shuga adziwenso kuti mgaiwa ndi nsima ndithu. Mitanda isanu ya mgaiwa imakwezabe shuga m'magazi. Chofunika ndi kuchepetsa nsima n'kuchulukitsa ndiwo.

Bungwe la United Nations lidasankha chaka cha 2023 kukhala chokumbukira mbewu za gulu la mawere, mchewere ndi mapira. Mawere ali ndi kashiamu wochuluka kuposa chimanga, mpunga kapena tirigu, ndipo kashiamu ndi amene amalimbitsa mafupa ndi mano. Thobwa la chimera cha mawere ndi chakumwa chabwino kuposa zakumwa zotsekemera za m'mabotolo, bola musalithire shuga wambiri. Mawere amasungika zaka osafumbwa.

Mapira ndi mchewere zimapirira ng'amba kuposa chimanga, n'chifukwa chake alimi a ku Chikwawa ndi Nsanje sazisiya. M'madera momwe mvula yayamba kudula msanga, kusiya kachigawo ka munda kuti mudzalemo mapira monga Pilira 1 kapena Pilira 2 ndi nzeru. Vuto lalikulu ndi mbalame. Alimi oyandikana akadzala nthawi imodzi, mbalame zimagawikana ndipo ntchito yoingitsa imapepuka.

Mbatata yofiira mkati

Pa zakudya zonse zomwe zatchuka, mbatata yofiira mkati ndi imodzi mwa zomwe zili ndi umboni wolimba. Mtundu wakewo umachokera ku chinthu chomwe thupi limachisandutsa vitamini A, amene amateteza maso ndi kulimbitsa chitetezo cha m'thupi. Kambatata kamodzi kolemera magalamu pafupifupi 125 kamakwanira vitamini A yemwe mwana wamng'ono amafuna patsiku. Mu 2016 mphoto ya World Food Prize idapita kwa Maria Andrade, Robert Mwanga, Jan Low ndi Howarth Bouis chifukwa cha ntchito yotukula mbewu zoterezi.

Kuno kwathu akatswiri a ku Bvumbwe, mogwirizana ndi bungwe la International Potato Center, adatulutsa mitundu ingapo monga Zondeni, Kadyaubwerere, Kaphulira, Chipika, Mathuthu ndi Anaakwanire. Malinga ndi mtundu wake, imacha pakati pa miyezi itatu ndi theka ndi miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi.

Dzalani pamizere yotalikirana masentimita 75. Mbewu ikhale yotalika masentimita 30, yochokera kunsonga ya kholowa wopanda matenda, ndipo mapando atalikirane masentimita 30. Pewani mbewu ya masamba opiringizika kapena a mawangamawanga. Kwirirani ming'alu ya pamizere chifukwa ndi momwe nankafumbwe amalowera. Vuto la alimi ambiri ndi kusowa mbewu mvula ikagwa. Sungani kholowa kudimba, kapena sungani timbatata tabwino mumchenga wouma kuti mudzatidzale ndi kuthirira patatsala milungu isanu ndi umodzi kapena isanu ndi itatu mvula isanayambe.

Vitamini A amalowa bwino m'thupi pakakhala mafuta pang'ono. Futali wa mbatata yofiira wotendera nsinjiro ndi chakudya chabwino kwambiri kwa mwana. Mbatata yophika n'kuipota imalowanso m'malo mwa gawo la ufa wa tirigu popanga mandasi ndi buledi, zomwe zimachepetsa ndalama zogulira ufa. Masamba ake ndi ndiwo. Palinso chimanga chofiira chokhala ndi vitamini A, ndipo alimi ena a ku Dedza adasunga mtundu wa makolo wotchedwa mthikinya.

Nyemba ndi soya

Nyemba za NUA45 zili ndi ayironi ndi zinki wochuluka kuposa nyemba zambiri zomwe tidazolowera, komanso zimacha msanga. Ayironi ndi wofunika kwa amayi oyembekezera, atsikana ndi ana, omwe vuto la kuchepa kwa magazi limawagwira kawirikawiri.

Soya ali ndi zomanga thupi zochuluka kuposa nyemba zina zonse zomwe timalima. Tikolore, Makwacha ndi Nasoko ndi ina mwa mitundu yopezeka kuno. Tsoka lake n'lakuti ambiri timamuona ngati mbewu yogulitsa basi. Soya wosaphika bwino ali ndi zinthu zolepheretsa thupi kugaya chakudya, choncho ayenera kukazingidwa kapena kuwiritsidwa asanagaidwe. Mukasankha kuwiritsa, muthireni m'madzi owira kale, osayamba mwamunyowetsa ndi madzi ozizira, chifukwa ndi zomwe zimabweretsa kafungo komwe ambiri amadana nako. Awire pafupifupi theka la ola, chotsani makoko, yanikani, kenako gaitsani.

Muyezo wa phala la mwana ndi wosavuta: makapu anayi a chimanga, kapu imodzi ya soya wokonzedwa. Umenewu ndi muyezo womwe umagwiritsidwa ntchito popanga Likuni Phala. Musanagulitse soya wanu, patulani ndowa imodzi kapena ziwiri za pakhomo.

Masamba a makolo

Bonongwe, luni, chisoso, denje, mnkhwani, khwanya ndi chitambe tsopano zikugulitsidwa m'misika ya m'tauni, ndipo kabichi sangafanane nazo pa vitamini A ndi ayironi. Zambiri zimamera zokha ndipo sizifuna mankhwala ambiri opopera. Mbewu ya quinoa, yomwe idachokera kumapiri a Andes ku South America ndipo akatswiri a ku Bunda akhala akuiyesa m'minda ya kuno kuyambira 2012, ndi ya banja limodzi ndi bonongwe yemwe timamuzula ngati udzu.

Kaphikidwe ndi komwe kamatiphonyetsa. Soda ndi chidulo zimafewetsa ndiwo koma zimawononga mavitamini. Kuphika nthawi yaitali ndi kutaya madzi ophikira kumachitanso chimodzimodzi. Tsukani masamba musanadule, phikani ndi madzi ochepa kwa nthawi yochepa, ndipo thirani nsinjiro kapena mafuta pang'ono. Chigwada chokha n'chosiyana: chiyenera kusinjidwa ndi kuphikidwa mokwanira kuti poizoni wake achoke.

Popanga mfutso, fwafwazani masamba mphindi zochepa m'madzi owira n'kuyanika pamthunzi. Mfutso wa mu Marichi ndi Epulo ndi amene amapulumutsa banja mu Okutobala ndiwo zikasowa.

Chidede nacho ndi chapawiri: masamba ndi ndiwo, ndipo zikhokho zofiira za maluwa ake zimapanga tiyi ndi jamu. Kafukufuku wina adaonetsa kuti tiyiyu amatsitsako pang'ono kuthamanga kwa magazi, koma wodwala apitirize mankhwala ake ndipo awauze achipatala kuti akumwa chidede.

Chuku chingawononge zonse

Chiponde ndi nsinjiro ndi zakudya zabwino, koma mtedza wa chuku uli ndi poizoni wotchedwa aflatoxin amene amawononga chiwindi ndipo amaganiziridwa kuti amathandizira kupinimbira kwa ana. Poizoniyu satha ndi kukazinga kapena kuphika. Chizolowezi chogulitsa mtedza wabwino n'kusinja wonyala ndi wowola kuti ukhale nsinjiro za pakhomo n'choopsa kwambiri.

Kumbani mtedza ukangokhwima. Uyanikeni ndi mapesi ake, makoko osagunda dothi. Musauwaze madzi pofuna kuti usavute kuswa. Tayani njere zonyala, zosweka ndi zosintha mtundu, ndipo musazipatse ziweto. Chimanga nacho chiume bwino chisanalowe m'matumba, ndipo matumba asanjikidwe pamitengo, osati pansi. Matumba osalowa mpweya a PICS amateteza ku anankafumbwe popanda mankhwala, koma mbewu iyenera kukhala youma kwambiri.

Musanalime, pezani msika

Fasho imabwera n'kupita. Mbewu yachilendo ikatchuka pafoni, pamapezeka anthu ogulitsa njere zake pamtengo wokwera n'kulonjeza kuti adzabwera kudzagula zokolola. Nthawi yokolola foni yawo siipezeka. Safunsa adadya phula. Musanapereke munda wonse ku chia, quinoa kapena chamwamba, funsani mafunso awa: wogula ndani, ali kuti, akufuna makilogalamu angati, pamtengo wanji, ndipo mgwirizanowo walembedwa? Fikani ku EPA yanu kuti alangizi akuthandizeni kuunika.

Yambani ndi kachigawo kakang'ono. Sankhani mbewu yoti msika ukakanika mutha kudya nokha. Mbatata, nyemba, soya ndi mawere zili ndi ubwino umenewu.

Ndalama zambiri zili pa kukonza katundu. Ufa wosefa bwino wa m'paketi yolembedwa umagulidwa mokwera kuposa masamba a m'thumba. Koma masitolo akuluakulu amafuna chizindikiro cha bungwe la Malawi Bureau of Standards, ndipo kuti muchipeze pamafunika malo aukhondo, madzi abwino ndi ndalama zoyezetsera katundu. Mlimi mmodzi zimamulemera, koma kalabu kapena kopaletivi ingakwanitse. Gulu limathanso kupereka katundu wochuluka mosadukiza, zomwe ogula akuluakulu amafuna. Papaketi lembani dzina la katundu, kulemera kwake, tsiku lopangira ndi tsiku lothera ntchito. Musalembepo kuti amachiza matenda.

Mbale ya pakhomo

Palibe chakudya chimodzi chomwe chili ndi zonse zofunika m'thupi. Uphungu wa boma ndi woti tizidya kuchokera m'magulu asanu ndi limodzi tsiku lililonse: zokhutitsa, zanyemba, zanyama, ndiwo zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Gulu la zanyama silitanthauza ng'ombe yokha. Usipa, matemba, mazira, mkaka, ngumbi ndi mbewa zili momwemo. Mapeyala ndi mtedza zimapereka mafuta abwino. Masuku, masawu, mapapaya ndi mango ndi zipatso zokwanira, simufunika maapozi a m'sitolo. Mchere muzigula wokhala ndi ayodini.

Nthawi yofunika kwambiri ndi masiku 1,000 oyamba, kuchokera pamene mayi watenga pakati kufikira mwana atakwanitsa zaka ziwiri. Kupinimbira kochitika m'nthawi imeneyi n'kovuta kukonza pambuyo pake, ndipo kumakhudza ngakhale nzeru za mwana kusukulu. Miyezi isanu ndi umodzi yoyamba mwana ayamwe bere lokha. Akayamba kudya, phala lake likhale lolimbako, losakaniza soya kapena nsinjiro, ufa wa usipa, masamba osinja kapena mbatata yofiira.

Pokonzekera ulimi wa chaka chino, khalani pansi banja lonse, bambo ndi mayi pamodzi, n'kugawa munda moganizira mbale. Mizere ingapo ya mbatata yofiira, kachigawo ka soya ndi nyemba, mitengo itatu kapena inayi ya chamwamba kuseri kwa nyumba, papaya mmodzi kapena awiri ndi kadimba ka bonongwe sizifuna malo aakulu. Mukakolola, yambani mwapatula chakudya cha banja cha chaka chonse, ndipo chotsalacho ndicho chipite kumsika. Mbewu ya mbatata yofiira, nyemba za NUA45 ndi soya funsani kwa mlangizi wa m'dera lanu kapena kwa mlimi wotsogolera mvula isanagwe, chifukwa ikagwa aliyense amaifuna nthawi imodzi.